Tsiku Limene a Yotamu Anapatsa Wamisala Singano

Ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa kuno kwathu ku Lisasadzi ukanena zoona wopanda mboni amati waledzera, ukanena bodza uli ndi mboni amakusankha kukhala wa komiti.

Mboni yoyamba ndi a Nabanda, ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi pamene ine ndimakonzera njinga. Iwowa ankadana ndi malemu a Yotamu Phiri, ndiye akavomereza chabwino chilichonse cha malemuwo, dziwani kuti chawavuta kukana. Yachiwiri ndi a Gondwe, kapitawo wa pa esiteti ya fodya ya kuseri kwa dambo, Mtumbuka amene anaseka komaliza nthawi ya chipani chimodzi. Yachitatu ndi a Makwinja, tenanti wochokera ku Phalombe, mwini wake nkhaniyi, amene anatsala pang'ono kuchotsedwa pa esitetiyo ali chimangire ngati mbuzi, fodya wawo ali m'munda. Ena akuti umboni wawo sungagwire poti anadwalapo mutu, koma pa atatuwa amene sanandinamizepo ndi iwowo. Panali mboni yachinayi, mkulu wa mpingo, koma anatsogola chaka chatha. Chimwalirireni sanatsutsepo ngakhale liwu limodzi la zimene ndikulembazi.

A Yotamu tawaika m'manda mwezi wathawu, fodya ali pa nazale. Anthu anasonkhana ambiri, koma ndisabise: ena anabwera kudzalira, ena kudzatsimikiza kuti zinsinsi zawo zalowadi m'dzenje. Ndinawaona ndi maso angawa a Nabanda ataimirira pafupi ndi okwirira, akuwauza kuti atsendere bwino cha kumutuko.

A Yotamu anafika kuno chaka chimene boma linayamba kugawa makuponi ogulira feteleza wotsika mtengo. Sanali mlendo kwenikweni. Mudziwu ndi wa amayi awo, ndipo achemwali awo anali akadali moyo. Koma anachoka ali mnyamata n'kubwerera imvi zili mbuu, ali ndi jekete la khaki ndi mipando iwiri ya ndalema. Zaka zonsezo anali kum'mwera, ku chipatala chachikulu cha odwala misala. Mpaka pamenepo tonse timagwirizana. Posiyana pathu ndi apa: kumeneko anali wosamalira odwala, kapena wosamaliridwa?

Ine ndinawafunsa maso ndi maso, tsiku lina atabwera kudzamatitsa chubu.

"Achikulire, anthu akufunsa. Kumene kuja munali mbali iti ya chitseko?"

"Chitseko chake chiti, a makaniko?"

"Chokiya chija."

"Makiyi ndinkasunga ndine," anatero. Kenako anawonjezera: "Koma kunalinso wodwala wina amene ankanena zomwezo."

Chubu chimenecho ndinachimata mofulumira kuposa machubu onse amene ndinamatapo.

Komabe chimene chinawaipitsira mbiri si misala ayi, koma makutu. Ife a ku Kasungu tinakula tikudziwa kuti munthu womvetsera kwambiri ali nako kumene akukatula. Munthu wabwinobwino ukamamuuza vuto lako amakudula pakamwa n'kukuuza lake lokulirapo. A Yotamu ayi. Mipando ija anaiika pakhonde, osati moyang'anizana, koma wina kutsogolo, wina kumbuyo kwake pang'ono, ngati anthu okwera njinga imodzi. Mlendo ankakhala wakutsogolowo n'kumayang'ana kumunda, iwo kumbuyo kuli zii. Ukasiya kulankhula ankangoti, "Pitirizani." Basi. Ndikulumbira, munthu ankapita kukabwereka khasu, n'kubwerako ataulula zimene anachita pa ukwati wa mlamu wake, khasulo ataliiwala komweko.

Ndiye zaka zimenezo makuponi anali atatisandutsa tonse akazitape. Aliyense ankadziwa amene walandira kawiri, amene wagulitsa yake kwa mavenda, ndi midzi yatsopano imene anthu ake onse ankagona kumanda. A Nabanda analota amuna awo, omwe anamwalira kalekale, ataima pakhomo akufunsa thumba lawo la feteleza. Anapita kwa a Yotamu kuti awamasulire malotowo. A Yotamu sanamasule kanthu. Anangowakhazika pampando wakutsogolo, ndipo dzuwa lisanapendeke a Nabanda anali atanena okha kuti kuponi ya malemuwo ankailandirabe. Chaka chotsatira dzina la malemu linafufutidwa.

"Ndi iyeyu," a Nabanda amatero mpaka lero. "Makutu ngati mleme. Anakanena."

"Koma amayi, olemba mainawo si omwe aja ananyamula bokosi la amuna anu?" ndimawafunsa.

"Ndiye zaka zonse zija ankaiwaliranji? Anawakumbutsa ndani?"

Pamenepo ine ndimangobwerera ku njinga zanga.

China chimene chinkatiimitsa mutu ndi anzawo. A Yotamu anali ndi anthu awo amene ankawatchula tsiku ndi tsiku, akuluakulu a maiko akutali amene anayambitsa zochiza matenda a maganizo. Ankati anawadziwira m'mabuku amene dokotala wina ankawabwereka kuntchito kuja. Maina awo enieni lilime langa limakana, ndipo iwonso sankavutika nawo. Anawapatsa maina awoawo, n'kumawanena ngati anyamata amene ankaweta nawo mbuzi. Mkulu wa mpingo uja anandikokera pambali tsiku lina.

"Iwe, munthu angadziwe bwanji kuti mzungu wa ku Ulaya ankasuta ndudu zonenepa, ngati sanakhale naye pansi? Ndipo ku Ulayako anapita pa chiyani?"

Sanatchule lichero la afiti, koma tonse awiri tinayang'ana kumwamba.

Wa nduduyo ankamutcha a Ndevu, dokotala wa ku Ositiriya. Kakhalidwe ka mipando kaja anatengera kwa ameneyo, poti iye ankagoneka wodwala pampando wautali, n'kukhala kumutu kwake kosaoneka, kumusiya alankhule chilichonse chobwera. A Yotamu ankati a Ndevu anaona chinthu choona: munthu ali ngati nkhokwe, chimanga chowola chili pansi pomwe mwini wake sakuona, amangomva kafungo, ndipo maloto ndiwo kafungoko. Koma ankakangana nawo a Ndevuwo mokweza, ali okha pakhonde, pa chiphunzitso chakuti mwana wamwamuna aliyense amalimbirana amayi ake ndi abambo ake. Ankati mkuluyo sanakhalepo pa chikamwini. Kuno bambo ndi mlendo, akhoza kupezeka mphasa yake ili panja m'mawa. Woopedwa ndi malume.

Panalinso Mrasha wa agalu, amene ankaliza belu asanawapatse chakudya, mpaka agaluwo anayamba kudontha dovu pongomva belu lokha. Ife tinaseka, kuti azungu analibe ntchito. A Yotamu anangoti tidikire galimoto yoyera. Sabata yomweyo galimoto yoyera inaima pa sitolo, ndipo mudzi wonse unathamanga, aliyense thumba lopanda kanthu m'khwapa, n'kupanga mzere wowongoka, kuyesa kuti abwera a makuponi. Anali a katemera wa agalu. Anthu atatu anabayidwa asanazindikire. Ndikanama pamenepa nditupe. Mmodzi mwa atatuwo mpaka lero galu akamuluma amadwala ndi galuyo.

Mjeremani wina ankamutcha Kapitawo, chifukwa ndiye anakhala pansi n'kusankha misala m'magiredi ngati fodya: ina yobwera n'kupita ngati mvula, munthu lero wasangalala mopyola mawa wagwa mphwayi, ina yoyamba paunyamata n'kukhazikika. Koma sankawatamanda onse. Ankanena za Mpwitikizi wina amene anayambitsa zoboola chigaza n'kudula mitsempha ya ubongo kuti odwala afatse, ndipo dziko linamupatsa mphoto yaikulu, odwalawo atatsala ngati maungu. Pa ameneyu nkhope yawo inkasintha. Ankati aliyense wolonjeza kuchiza mutu wa munthu mwachangu, kaya wavala gawuni loyera, kaya mkanjo, kaya nthenga, uyambe wayang'ana chimene wagwira m'dzanja linalo. Tsono mukuona: munthu amene tinkamukayikira tonse, nayenso anali katswiri wokayikira.

Tsopano ndinene za a Makwinja.

Inali nyengo yothyola fodya, mvula ili pachimake. A Makwinja anali tenanti wofatsa, wosamwa mowa, ndipo chaka chimenecho fodya wawo anali wokongola kuposa wa aliyense pa esitetipo, masamba ngati makutu a njovu. Kenako mwana wawo wamng'ono anadwala malungo n'kumwalira. Ku Phalombe n'kutali, galimoto panalibe, mwanayo anaikidwa konkuno pakati pa anthu osamudziwa. Patapita masabata angapo bamboyo anasiya kugona, anasiya kudya, anayamba kunena kuti akumva mwana akulira m'munda. Tsiku lina anatenga chikwanje n'kugwetsa mzere wonse wa fodya, akuti mwanayo waphimbika pansi pa masamba.

Kuno masamu ake ndi achidule. Fodya wabwino, kuphatikiza mwana womwalira, kuphatikiza misala, yankho lake ndi kukhwima: munthuyu anapereka mwana kwa sing'anga kuti alemere, ndiye chizimba chamutembenukira. Palibe anafunsa za udzudzu. Matenanti anzawo anawagwira n'kuwamangirira ku nsanamira ya chigafa, chisakasa choyanikamo fodya chija, ndi chingwe cha ng'ombe za ngolo. Abwana a esiteti, amene amakhala ku Boma, anatumiza mawu: Loweruka lole ikubwera, banja lonselo likwezedwe likatsitsidwe ku depoti, fodyayo amalize wina. Amene mukudziwa za utenanti mukudziwanso tanthauzo lake. Tenanti amalandira zake fodya akagulitsidwa. Wochoka pakati amachoka ndi zovala zokha, thukuta la chaka chonse n'kutsalira mnzake.

Akazi awo, make Esinati, anali atapita kale kwa mneneri, amene anawauza kuti mwamunayo aulule kaye. Ndiye anafika pakhonde la a Yotamu. Poti anali mlendo, sankadziwa kuti pamenepo timaopapo.

M'mawa mwake a Yotamu anatulukira pa ntchito panga.

"A makaniko, singano yosokera fodya ilipo?"

Singano zimenezo ndimasula ndine, kuchokera ku masipoko a njinga. Zimatalika pafupifupi ngati mkono wa mwana, ndipo zimaboola tsinde la tsamba ngati zikuboola phala.

"Ilipo, achikulire. Koma inu fodya mulibe."

"Munole bwino."

Ndinanola. Atanyamuka ndinatseka bokosi la masipanala n'kuwatsatira. A Nabanda anasenza beseni la zitumbuwa n'kutitsatira tonse, chifukwa iwowo amadziwa kuti pamene pali tsoka pamasonkhana anjala.

Tinawapeza a Makwinja atakhala m'matope pansi pa chigafa, chingwe m'manja ndi m'chiuno, mikono itatupa. Pambali pawo panali mulu wa fodya wothyola kale amene anayamba kutentha ndi kuda, poti panalibe womusoka. Anthu anaima patali atapanga bwalo. A Gondwe anatitchingira njira.

"Yayi, adada, apa musasendere. Munthu uyu dzulo wafuna kundiluma ine."

"Mukanakhala inu amene mwagona pa nsanamira chimangire," anatero a Yotamu, "mukanamupsompsona wokumanganiyo?"

"Ine nkhani zinandi sindifuna. Abwana anena."

Pamenepo ndi pamene tinamva za mkulu wa anzawo onse, amene ankamutcha a Chimasula. A Yotamu anafotokoza ataima m'matope momwemo, mosakweza mawu, kuti kalekale ku Falansa odwala misala ankakhala m'maunyolo zaka ndi zaka, m'zipinda zamdima, anthu n'kumabwera kudzawaonerera. Kunabwera dokotala wina, pamodzi ndi woyang'anira odwala amene ankawadziwa bwino, n'kuyamba kuwamasula. Anthu anawachenjeza kuti aphedwa. Koma ambiri mwa omasulidwawo anafatsa, ndipo zinadziwika kuti ukali wambiri umene ankauopa unkachokera ku unyolo womwewo.

A Gondwe anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ku Falansa kulije fodya wa abwana," anatero. "Akathawa? Akagwetsanso mzere wina?"

"Mudzandimange ine pa nsanamira yomweyi mpaka lole ifike."

Anthu anang'ung'udza. Ena ankaoneka kuti zimenezo akanazikonda kuposa zonse. A Gondwe anakanda m'mutu, n'kupatuka.

A Yotamu sanathamangire chingwe. Ananjuta patsogolo pa womangidwayo, n'kuvula chipewa.

"Bambo Makwinja, ndine Phiri, wa tsidya lino la dambo. Pepani ndi maliro aja. Ndinamva mochedwa."

Make Esinati anandiuza pambuyo pake kuti chimangidwireni, palibe anali atawatchula amuna awo dzina kapena kuwapepesa za mwana. Onse ankangoti wamisala uja. A Makwinja anadzutsa mutu, maso ali psuu.

"Ndikumasuleni?"

A Makwinja anangotambasula manja.

Mfundo imene anamanga amuna anayi, a Yotamu anaimasula ngati akumasula kathumba ka mchere. A Nabanda anandigunda ndi chigongono.

"Waona? Wazolowera zingwe ameneyu. Anamangidwapo."

Kenako a Yotamu anaitanitsa tiyi. Anati ku Mangalande kunali mkulu wina wogulitsa tiyi, wopemphera, amene anamanga nyumba kumudzi yosungiramo odwala otere, kumene ankalima dimba ndi kumwa tiyi pamodzi ndi owasamalira, ndipo ambiri ankapeza bwino. Make Esinati anathamanga kukawiritsa. A Nabanda anatulutsa chitumbuwa chimodzi n'kupereka ulere. Chiyambire dziko, ndi tsiku lokhalo limene zimenezi zinachitika. Iwo amakana, amati chinagwa chokha.

A Makwinja atamwa, a Yotamu analoza mulu uja.

"Bambo, fodya wanuyu akuwonongeka. Ine ndikanakuthandizani, koma zaka zanga zinathera kwina, kusoka sindikudziwa bwino."

Anapisa m'jekete n'kutulutsa singano yanga ija, ikunyezimira, ulusi uli kale kumphuno. Anaigwira kunsonga, n'kuwapatsira a Makwinja.

Bwalo lija linaphulika. Amayi anatola ana osayang'ana kuti ndi a yani. A Gondwe, amene amati ali ndi nyamakazi ya bondo, anadumpha ngolo osaikhudza. Ine sindinathawe ayi. Ndinangokumbukira mwadzidzidzi kuti kuseri kwa mulu wa mikangala, timitengo tokolekapo fodya tija, ndi kumene munthu amaonera bwino.

Ndipo a Yotamu anachita chimene mpaka lero chimandiyimitsa tsitsi. Anatembenuka n'kukhala pansi patsogolo pa a Makwinja, kuwapatsa msana. Pakati pa nsonga ya singano ndi khosi lawo panali potalika ngati chikhatho. Anatola masamba awiri pamulu, kuwaphatikiza misana monga timachitira, n'kuwapereka kumbuyo kudzera paphewa, osacheuka.

A Makwinja anali atakweza singano. Anayang'ana khosi, anayang'ana masamba. Kunali zii, moti ndinkamva madzi akudontha pa udzu wa chigafa. A Yotamu dzanja lili chitambasulire paphewa ngati munthu wodikira chenje.

Kenako ndinamva kuti tswi. Singano inalowa m'tsinde la tsamba. A Makwinja anakokera masambawo pa ulusi, n'kutambasula dzanja kufuna ena.

Anasoka mkangala woyamba mosalankhula. Pa wachiwiri ndinamva mawu awo, osasa ngati a munthu wodzuka kutulo.

"Sanamuone agogo ake. Tinati tidzapita tikagulitsa."

"Pitirizani," anatero a Yotamu.

Zotsatira zake sindinamve, chifukwa a Yotamu anatembenuza mutu n'kundipeza kuseri kwa mikangala kuja. "A makaniko, makutu anuwo apite nawo kumsewu." Tonse tinabalalitsidwa, kutsala make Esinati yekha. Zimene zinanenedwa m'chigafamo a Yotamu apita nazo kumanda. Ine ndinayesa njira zonse, mpaka kuwapopera matayala mwaulere chaka chathunthu, koma sanatsegule pakamwa. Ndinawauza a Nabanda kuti umenewu ndi umboni woti mkuluyu sanali kazitape.

"Matenanti salandira makuponi," anatero. "Akanakagulitsa chiyani?"

Musaganize kuti singano inachiritsa munthu. A Yotamu ndi amene anali oyamba kukana zimenezo. Ankati kulankhula kumatsegula chitseko, koma moto ukakhala m'nyumba pamafunikanso madzi, ndipo madzi ake ndi mankhwala amene anatulukira ku Falansa komwe kuja iwo ali mwana, amene anachititsa kuti odwala ambiri atuluke m'zipatala n'kubwerera kwawo. M'mawa mwake a Yotamu anawaveka a Makwinja jekete lawo la khaki n'kukwera nawo minibasi ya ku Boma, opanda chingwe, atakhala moyandikana ngati anthu opita ku ukwati. Kuchipatala anawabaya jekeseni, kuwapatsa mapiritsi, n'kufunsa ngati kunyumba kuli wowayang'anira. A Yotamu anati alipo.

A Yotamu anawatengera kunyumba kwawo. Achemwali awo a Yotamu anakana zolimba, kuti munthu wokhwima sangagone pakhomo pawo. A Yotamu anawauza za mnzawo amene ankamukonda kuposa onse, dokotala wachikuda ngati ife, wa ku Naijeriya, amene anaona kuti Mwafirika ukamutsekera kutali ndi abale ake umamudwalitsa kawiri. Iye ankagoneka odwala m'nyumba za anthu m'midzi yozungulira chipatala, aliyense ali ndi m'bale wake, masana akulandira mankhwala ndi kugwira ntchito. Achemwaliwo anati ku Naijeriyako ayenera kuti ali ndi mphasa zambiri. Koma mphasa anatulutsa.

Loweruka lole inafika. Abwana anatsika, nsapato zoyera, akuponda mosankha. M'chigafa munali mikangala yodzaza mpaka kudenga. A Makwinja anali pansi akusoka pang'onopang'ono, mankhwala atawalemeretsa manja, akazi awo akuwapatsira masamba.

"Gondwe, wamisala uja ali kuti?"

Maso a anthu onse, osapangana, anatembenukira kwa a Yotamu. Abwana anayang'ana mkulu wa imviyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uyu? Uyutu si tenanti wanga."

A Gondwe anachita kuloza ndi mlomo. Abwana anatsitsa mkangala umodzi, kuutembenuza, kuyang'ana kasokedwe kake.

"Madala, akuti ndinu mwamumasula. Wachira?"

"Sanachire. Akupeza bwino."

"Akhoza kuyambiranso?"

"Akhoza."

Make Esinati anagwira pakamwa. Ine mumtima ndinati mkuluyu ndi wodwaladi, bodza laling'ono lomweli likumukanika, pomwe ife tonse tinali titakonzeka kumuthandiza kulumbira.

"Ndiye akayambiranso?"

"Tidzakweranso minibasi. Chingwe chibwerere kwa ng'ombe."

Abwana anatembenuzanso mkangala uja. Sindikunena kuti anagwidwa chifundo, poti sindinawaonepo nacho. Ndikuganiza kuti anayerekeza fodya amene anali m'manja mwawo ndi tenanti watsopano amene sanamuonepo.

"Amalize nyengo ino. Koma chikwanje asagwire." Anabweza mkangala. "Ndipo inu madala, akawotcha chigafa changa ndidzayamba ndi inu."

Lole inabwerera itanyamula nkhuni ndi mbuzi imodzi.

A Makwinja anamaliza nyengo imeneyo, ndi ina, ndi inanso. Ali pompano mpaka lero, Esinati anakwatiwa konkuno. Matendawo anabwereradi kangapo. Ulendo wina anabwerera chifukwa mneneri uja anawauza kuti kumwa mapiritsi ndi kuchepa chikhulupiriro. A Yotamu, amene sankajomba ku tchalitchi, anapita kukaima pakhomo pa mneneriyo n'kumuuza anthu akumva kuti pemphero salikana, koma azimupempherera munthuyo atameza kaye. Sanalankhulanenso mpaka imfa. Kuyambira pamenepo, mwezi uliwonse tsiku la jekeseni, a Makwinja ankafika pakhonde paja m'mawa, awiriwo n'kunyamuka limodzi. Anthu ankati a Yotamu akugawana nawo za kukhwima zija. Chodabwitsa n'chakuti wokhwima wathuyo anafa ali ndi nsapato imodzi yosokedwa ndi waya.

Sabata yatha linali tsiku la jekeseni, loyamba chimwalirireni a Yotamu. Ndili pa ntchito ndinaona a Makwinja akudutsa, atasamba, malaya atapisira. Anakhotera kunyumba ya malemu. Anaima pabwalo n'kunena kuti odi. Kenako anangoima, manja kumbuyo.

"Wayambiranso," anatero a Nabanda. "Akuodira nyumba yopanda munthu. Wina akawauze a Gondwe abwere ndi chingwe."

Ndinasiya tcheni chimene ndinkalumikiza n'kupita.

"Bambo Makwinja, mukudikira ndani?"

"Palibe, a makaniko. Ndikudziwa kuti anapita, ndinaponya nawo dothi. Kungoti tinkanyamukira pano."

"Njira ya ku Boma mwaiiwala?"

"Ayi. Koma ndikakwera ndekha minibasi ndimaona ngati onse akundinena."

"Amakhala akukunenanidi," ndinatero. "Amanena aliyense. Inenso amandinena."

Anamwetulira pang'ono, koma sanasunthe. Ndiye ndinakumbukira kuti ndinali ndi ulendo wa ku Boma wokagula mabuleki. Sichinali chifundo ayi. Mabuleki anali atathadi, ngakhale a Nabanda akuti anawaona atadzaza chitini. Tinapita, anabayitsa, tinabwerako dzuwa likadalipo. Potsazikana anandifunsa ngati mwezi wamawa mabuleki adzathenso. Ndinati njinga za kuno zimadya mabuleki koopsa. Anati ndiye tidzakumane pomwe paja.

Pomwe pajapo tsopano pali chete wa mtundu wina. Ana a achemwali a Yotamu anagawana mipando, wina uku wina uko, ndipo akukanganabe kuti wabwino unali uti. Pachitseko pali loko watsopano, wamkulu kuposa zonse zimene zili m'katimo. Pakhonde nkhuku zakumba maenje osambiramo fumbi, chiswe chayamba kukwera mzati wa kumadzulo, ndipo anthu akamadutsa pamsewu amatsitsabe mawu mpaka atapitirira mtengo wa mango. Dzulo ndamva kuti akufuna kugwetsa nyumbayo, mitengo yake akamangire chigafa. Ndawauza kuti agwetse ngati afuna, nyumba ndi yawo. Koma chiwundo cha khonde asiye. Pamenepo pali anthu amene amanyamukirapo.